Ngalande Yodzikwirira ya pa Ulongwe

Mmawa uja Yasmin akuyala tomato wake m'mbali mwa msewu pa Ulongwe, mwana ali kumsana, anaona zachilendo. Ngalande imene amuna ake a Hassani ndi anzawo aganyu anakumba dzulo lake, yoti a madzi aikemo mapaipi, inali itakwiririka yonse, kuyambira pa mtengo wa mango mpaka pafupi ndi chigayo. Dothi linali lotsenderedwa bwino, koma phazi la munthu silinkaoneka, ngati pasesedwa.

Kapitawo anati ndi mwano wa a msewu. Aganyu anakumbanso.

Usiku wachiwiri Yasmin akuyamwitsa, anamva kukanda kwa khasu mumdima, pang'onopang'ono, kenako dothi likugwa, phi, phi. Agalu apamsika, amene amauwa ngakhale njinga, anali zii. Kutacha, ngalande inali itatsekekanso, ndipo pamwamba panali kansalu koyera ngati sanda, katapsinjidwa ndi mwala.

Mphekesera inawanda. Ena ankati msewuwo unadula manda akale, makondakitala ankalumbira kuti anaona chimunthu chachitali chitawerama.

"Hassani, iwe umagona pafupi," anatero kapitawo. "Mawa ndikapeza zomwezi, ntchito yako yatha."

A Hassani anakumba tsiku lonse, madzulo osadya chifukwa cha mantha.

Usiku wachitatu Yasmin anawafunditsa, natuluka opanda tochi. Kunali bii, mphepo ikuliza malata a chigayo. Chinthu chakuda chinali chitawerama m'ngalandemo. Kenako chinthucho chinatsokomola, chifuwa chimene anakula akuchimva.

"Ababa?"

"Tsitsa mawu, mwanangu," ananong'ona Che Sufiyani, bambo ake omubala, khasu m'manja, tsache pambali. "Pansi apa pali chingwe cha magetsi chopita kuchigayo. Tinachikwirira ine ndi mnzanga Hamadi, ndipo Hamadi anafera pompano tsiku loyatsa. Timiyala tasimenti tosonyeza, a msewu anatikankha ndi thirakitala chaka chatha. Amuna ako akumalekezera mikono iwiri kuti piki ichigunde."

"Nanga osawauza bwanji?"

"Kapitawo akuti pamapu awo palibe. A magetsi akuti ndilembe kalata. A msewu akuti sizawo. Mawu a nkhalamba amapita ndi mphepo, koma manda, aliyense amawaopa. Akamva za manda adzabwera onse tsiku limodzi."

"Ndiye mundiphere mwamuna ndi mantha m'malo mwa magetsi?"

"Mantha amachira, Yasmin."

Yasmin anawayang'ana, nkhalamba ili wefuwefu. Anatola tsache nayamba kusesa mapazi awo.

Mmawa palibe amene analira za manda mokweza kuposa Yasmin, ndipo aganyu onse anakana kugwira piki, moti kapitawo anasowa womuchotsa. Lachinayi kunafika magalimoto: a khonsolo, a madzi, a msewu, a magetsi, ndi a shehe. Anaima mozungulira kansalu kaja, aliyense atapinda mapu ake kukhwapa.

Yasmin anasendera kwa bambo wa magetsi, mbale ya tomato m'manja.

"Achimwene, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma chigayochi moto wake umadzera kuti? Mawaya m'mwambamu sitiwaona."

Bamboyo anayang'ana kumwamba. Anakatenga kachipangizo m'galimoto, ndipo atangokafikitsa pa kansalu kaja kanalira, tii, tii, tii. Apo m'pamene mapu onse anayalidwa pa boneti ya galimoto imodzi. Ngalande anaisunthira tsidya lina, ndipo a Hassani tsiku limenelo anapempha ndiwo zowonjezera.

Madzulo Yasmin anawapititsira bambo ake tiyi.

"Masiku atatu, ababa! Msana wanuwo ngwachitsulo."

"Awiri," anatero Che Sufiyani, akuuzira tiyi. "Usiku woyamba ndinafika ndi khasu langa, ndinapeza pokwirira kale, pasesedwa."

"Ndiye anakwirira ndani?"

"Hamadi," anatero nkhalambayo akumwetulira. "Chikhalire ankandilawirira pantchito."