Ziro Yomaliza

Namawaya anatuluka mu labu, chipinda choyesera zinthu pafakitale, usiku utapita kale, maminibasi onse atakagona. Dzinalo si la makolo ayi. Anamupatsa ndi anzake a pafakitale chifukwa m'thumba la ovolosi yake simunkasowa timawaya, ndipo ena ankati ngakhale pa ukwati wake anabisa pulayazi m'diresi. Iye nthabwalayo sankaiseka. Anali akadali pa miyezi yoyesedwa, ndipo munthu woyesedwa amaseka pokhapokha abwana akayamba kuseka.

Masana a tsikulo abwana anaima pakhomo la labu, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kumuuza kuti makasitomala afika m'mawa kudzaona ngati timabokosi tawo ta magetsi tikupirira kutentha.

"Akapeza zotsatira, ntchito ndi yanu. Akapanda kupeza, mudziwa nokha."

Mu labumo munali uvuni yaikulu yachitsulo yoyesera zinthu, ndipo inkalamulidwa ndi kabolodi kobiriwira kolumikizidwa ku kompyuta. Kabolodiko kamatulutsa malamulo pa nthawi yake: wani ndiye kuti yatsa, ziro ndiye kuti zimitsa. Waya wina ankapita ku hita, wina ku fani. Munthu amakonzeratu mzere wa mawani ndi maziro, n'kukauza kuti wotchi ikagunda kazitulutsa lamulo limodzi, ikagundanso kazitulutsa lotsatira. Zikatero munthuyo akhoza kupita kukagona.

Nthawi yolemba mzere watsopano panalibe. Abwana anamulozera fayilo yakale m'kompyutamo. "Anaisiya amene analipo inu musanabwere. Ingosinthani nthawizo basi." Anawonjezeranso kuti kachitetezo ka uvuni, kamene kamadula moto kutentha kukanyanya, akalambalale ndi kawaya, poti kamakonda kudula pakati pa mayeso n'kuwononga zonse. Namawaya anatulutsa kawaya m'thumba la ovolosi. Anakalambalala.

Madzulo onse analimbana ndi wotchi. Poyamba kabolodiko kankatsatira wotchi ya kompyuta, imene imatsalira ikatanganidwa, ndiye hita inkayaka mwachibwibwi. Atakasinthira ku wotchi ya mkati mwake, zonse zinalongosoka. Kagetsi kofiira ka pabolodi kankayaka, n'kuzima, n'kuyaka, ndendende. Anasankha kuti mzerewo uyende kamodzi kokha, usabwerezebwereze, kuti ukatha timabokosi tizizire mpaka kuche. Kenako anakhala pansi n'kumayang'anira.

Koma foni sinamupatse mpata. Apongozi ake, amene ankamusungira khanda, anaimba kangapo.

"Mayi a mwana, mwanayu wakana botolo, akungolira. Kodi ntchito yanuyo ndi yaufiti, yogwira anthu atagona?"

Mwamuna wake sanaimbe n'komwe, ndipo kusaimbako kunkapweteka kuposa mawu a apongozi. Ataona kuti mzere watsala pang'ono kutha, Namawaya anati zotsalazo zidzithera zokha. Pakhonde anapeza mlonda, bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, atakokera mpando wake pakhoma la labu.

"Yendani bwino, mwanangu. Ine ndikhala pakhoma panu pano, mpofunda."

Msewu wochokera ku mafakitale unali zii. Uku ndi uku kunali nyumba zosungiramo katundu, zina zotsekedwa kalekale, udzu utamera pa zitseko. Namawaya ankayenda mofulumira, mabere atalemera ndi mkaka, mtima utadzaza ndi mkwiyo. Anthu ankati waphunzira, wapeza ntchito yabwino. Ntchito yabwino yake ndi imeneyi? Mawa makasitomala akagwira chanza cha abwana, iye adzaima kumbuyo atanyamula thireyi ya makapu. Kunyumba adzamufunsa kumene anali, ngati kuti fungo la waya wopserera m'tsitsi mwake silikuyankha kale. Ankafuna ntchitoyo ndi mtima wonse, ndipo ankadzida chifukwa choifuna choncho.

Anafika pa mlatho wodutsa pamwamba pa njanji. Pakati pake panali getsi limodzi la mumsewu, ndipo linkaphethira. Kuyaka, kuzima. Kuyaka, kuzima. Namawaya anayenda pang'ono, kenako anaima. Kaphethiridweko ankakadziwa. Anali atakayang'ana madzulo onse.

Getsi linazima. Litayakanso, pansi pake panali munthu.

Anali mwamuna wowonda, wovala jasi loyera la mu labu, atatsamira chitsulo cha mlatho. Nkhope yake inali kumdima. Pamkono wakumanzere anavala kalamba kamene amisiri amamanga akamagwira mabolodi, kuti magetsi a m'thupi asawononge zipangizo. Waya wa kalambako ankalendewera mpaka pansi, nsonga yake itapsa.

Namawaya anayesa kudutsa cha m'mbali, maso ali pansi.

"Yomaliza..." munthuyo anatero. Mawu ake anali osasa, ngati a munthu amene wakhosomola usiku wonse. "Yomaliza mwaisiya bwanji?"

"Pepani bambo, ndikufulumira."

"Nanenso ndinkafulumira."

Getsi linazima. Mdima. Fungo linamupeza pomwepo... fungo la pulasitiki yopsa. Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha.

Getsi linayaka. Munthu uja anali pafupi! Sanamve phazi. Sanamve mpweya.

"Kabolodi kakatha malamulo sikabwerera," anatero munthuyo. "Kamaima pomwe kaima. Ngati ndi wani... ndi wani mpaka kuche."

Thupi lonse la Namawaya linachita tsemwe. Anadikira kuti getsi lizime monga linkachitira.

Silinazime.

Linangoyaka. Kuyaka... kuyaka... kuwala kukukulirakulira, babu likulira ngati njuchi. Kenako phuu! Magalasi anawazika pamsewu.

Mdima wa ndiwe yani. Pa mlatho panalibe munthu.

Kutsogolo kunali kunyumba, kunali mwana wolira. Kumbuyo kunali uvuni. Mzere uja anausintha nthawi, anauyang'ana koyambirira, anauyang'ana pakati. Kumapeto? Kumapeto sanafikeko. Kachitetezo anakalambalala yekha ndi manja ake. Ndipo pakhoma paja panali bambo wachikulire amene anati mpofunda.

Anatembenuka. Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Nsapato imodzi inavuka. Anaisiya. Mkaka unanyowetsa bulauzi. Sanaime. Nyumba zotsekedwa zija zinkangodutsa. Geti la fakitale... khonde... utsi!

Utsi unkatuluka pansi pa chitseko cha labu, wakuda, wolemera. Mlonda anali pampando pake, mutu utagwera pachifuwa.

"Bambo! Bambo, dzukani!"

Sanadzuke. Anamugwira m'khwapa n'kumukhwekhwereza mpaka panja, pa udzu. Anabwerera. Analowetsa kiyi. Chitseko chinatseguka, kutentha kunamumenya kumaso. Khomo la uvuni linali litafiira m'mbali, penti ya pakhoma ikutukusira. Pa benchi, kagetsi kofiira kaja kanali kayakire, osaphethira.

Anakwawa mpaka pa switchi yaikulu n'kuigwetsa ndi manja awiri. Hita inasiya kulira. Anatenga chozimira moto n'kupopera mpaka chinatha.

Atatsegula mawindo, anayang'ana pa kompyuta, imene inali ikuyakabe ndi batire. Anatsitsa mzere uja mpaka pansi penipeni. Lamulo lomaliza linali wani. Ziro yotsekera, imodzi yokha, panalibe. Anatsegula uvuni ndi chiguduli. Timabokosi ta makasitomala tinali titasungunuka n'kukhala chibuma chimodzi chakuda.

Panja anapeza mlonda atakhala tsonga, akukhosomola ndi kulavula. Namawaya anakhala pambali pake n'kuimbira abwana. Foni inaitana nthawi yaitali. Anafotokoza zonse: fayilo yakale, ziro yosowa, kachitetezo, utsi, mlonda.

Abwana sanafunse za mlonda.

"Timabokosi tili bwanji?"

"Tapsa, bwana."

"Tonse? Fayilo imeneyo ndi ya kampani, mayi, si yoti muziinamizira. Ndipo za kachitetezo ine sindikuzikumbuka." Kenako anafunsa: "Mwati munachoka, kenako munabwerera. Anakuuzani ndani kuti mubwerere?"

Namawaya anali wotopa kwambiri moti sanathe kupeka bodza. "Munthu wina pa mlatho."

"Munthu pa mlatho. Kodi mwamwa chiyani usiku uno? Mawa mubweretse makiyi ku ofesi."

Foni inaduka. Namawaya anaiyang'ana m'manja mwake. Misozi sinabwere. Chinabwera ndi kuwawa kokhakokha. Anapulumutsa fakitale yawo, anapulumutsa munthu, ndipo malipiro ake anali kubweza makiyi.

Mlonda anali atasiya kukhosomola. Ankamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Mwanangu, munthu wa pa mlathoyo... anali wotani?"

"Wowonda. Wa jasi loyera. Mawu osasa."

"Pamkono?"

Namawaya anatembenuka. "Kalamba. Waya wake wopsa."

Bambo uja anavula chipewa chake pang'onopang'ono n'kuchiika pa bondo.

"Kalamba kameneko ndinakadula ndine," anatero. "Tinamupeza m'mawa, akadali womangirira ku benchi yanu ija. Utsi unamugwira atawodzera. Anali atagwira ntchito masiku angapo osagona, makasitomala akubwera. Papita zaka, mwanangu. Mwana amene anamusiya kumsana kwa amake, pano ali ku sekondale."

Kumtunda, cha ku njanji, sitima inalira.

"Akampani sanafufuze?" Namawaya anafunsa.

"Anapenta khoma. Anagula uvuni ina. Kompyuta inapulumuka, anaipukuta n'kuibwezera pomwepo." Mlonda anapukusa mutu. "Mnyamata ameneyo mowa sankaudziwa ndi pakamwa pomwe. Ine ndi amene ndinkamuwiritsira madzi a tiyi."

"Nanga akazi ake anawauza kuti chinachitika n'chiyani?"

Bambo uja anayang'ana foni imene inali m'manja mwa Namawaya, kenako anayang'ana phazi lake lopanda nsapato.

"Anawauza kuti analedzera."