Ndime ya Pamkuyu

Mbande za fodya zinapezeka zitazulidwa, koma osati mmene amazulira munthu wa nkhwidzi. Zinali zitasanjidwa bwinobwino m'mphepete mwa munda, mizu mbali imodzi, masamba mbali ina, monga mmene amayi amasanjira nkhwani pa msika wa Mitundu. Ndipo zinazulidwa m'ndime imodzi yokha, ya kumunsi, yogundana ndi mtengo wa mkuyu.

Ndimeyo panalibe wosaidziwa pamudzi. A Nachisale, amayi ake a Masautso, anaipereka kwa Mulungu chaka chimene Masautso anachira chikuku, akulu ake awiri atagona kale kumanda. Anagwada m'fumbi pansi pa mkuyu nati, "Apa mpanu, Ambuye. Ine ndizingokulimirani." Chimanga cha pamenepo sichinkalowa m'nkhokwe. Chonse chinkapita kutchalitchi pa chopereka cha masika, ngakhale chaka cha chilala chimene m'nyumba mwawo ankagonera phala la madeya.

Masautso anakulira m'mizere imeneyo. Ankadzutsidwa tambala asanalire, mame akumuluma m'miyendo, nkumatsata amayi ake ndi kakhasu kake. Khasu la amayi linali logwedera pampini, ndipo likamenya pansi linkalira pawiri: kho, ngwe. Kho, ngwe. Iwo ankaimba nyimbo ya Mulungu atatseka pakamwa. Mwana akati ayang'ane kumbuyo kuti aone utali wa pamene walima, ankamuuza osaweramuka, "Wolima satembenuka. Mzere ungakhote."

A Nachisale anamwalira nyengo yozizira, chaka chotsatira chisankho cha matipate. Abale amene pa matenda sanabwere ngakhale ndi kapu ya phala anadzaza bwalo tsiku logawa katundu. Wina mbale, wina bulangete. Mlongo wawo wa malemu, a Efulemu, anatenga munda ndi khasu lomwe.

"Zinthu zasintha, mphwanga," anatero. "Fodya wa bale tsopano akulima aliyense. Munda wonsewu ndiwokera."

"Nanga ndime ya Mulungu, amalume?"

"Chemwali anapita ndi malonjezo awo. Mulunguyo ngati akufuna malo akapemphe kwa amfumu ngati anzake."

Anthu anaseka. Akulu a mpingo, amene zaka zonsezo ankalandira madengu a chimanga nkumaomba m'manja, anangoyang'ana pansi, mafuta a nyama ya pamaliro akadali kukamwa. Kuyambira tsikulo Masautso sanapondenso pakhomo la tchalitchi.

A Efulemu anawokeranso mbande zina. Zinazulidwanso, kusanjidwa chimodzimodzi. Ulendo uno mizere inali itaundidwanso mwatsopano, yopingasa ngati ya chimanga. Akazi a Efulemu, a Elube, anauza amayi kuchitsime kuti atatuluka panja mumdima anamva khasu likulira kumunsi, mwezi kulibe, ndipo agalu onse a pamudzi anali chete ngati awamanga pakamwa. Ena ankati ndi ufiti. Ena ankati ndi kaduka ka alimi anzawo. Ambiri ankangoloza Masautso ndi mlomo akamadutsa.

A Efulemu anaitanitsa mlaliki wa ku Nathenje, wa mipingo yatsopano ija, wotchuka ndi kutulutsa ziwanda. Anafika pa njinga dzuwa litapendeka, navula jekete, nayamba kuzungulira ndime akupemphera mokweza mpaka ana anathawira kuseri kwa chigafa cha fodya. Atafika pamkuyu anasiya. Anayang'anitsitsa mizere ija.

"Malo ano mwini wake ndani?"

"Ndine," anatero a Efulemu.

"Amayi anawapereka kwa Mulungu," anatero Masautso ali patali. "Anagwada pamene mwaimapo."

Mlaliki anasuntha phazi. Kenaka anavala jekete lake pang'onopang'ono.

"Bambo, ine ndinapatsidwa mphamvu yothamangitsa ziwanda. Yothamangitsa mwini munda sindinapatsidwe."

"Ndiye nkhuku ndakupherani ija?"

"Inali yokoma," anatero, nakwera njinga.

Madzulo omwewo a Efulemu anamugwira Masautso pamkono. "Iwe ugona kwanga lero. Tione ngati mzukwa wakowo ulime uli m'nyumba."

Anamuyalira mphasa pabalaza, natseka chitseko ndi mpiringidzo, iwo nakhala pampando atachitsamira. Khasu la amayi linali pakona, pafupi ndi matumba a feteleza. Masautso analiyang'ana mpaka nyali inazimitsidwa. Mpini wake unali wosalala, wakuda pamene pankagwira manja.

Mvula inawaza pang'ono nkusiya. Madzi ankadontha kuchokera ku tsindwi, achule akulira kudambo. Kenaka achule analeka onse pamodzi, ngati wina wawakwezera dzanja. Mdima unalemera. Masautso ankamva kupuma kwa amalume ake, ndi khoswe akuyenda pa denga, nayenso anaima.

Kho, ngwe.

Linachokera kumunsi, kutali, koma lomveka ngati lili kuseri kwa khoma. Kho, ngwe. Silinali kufulumira. Linali khasu la munthu wodziwa kuti ndime ndi yaitali ndipo aimaliza.

"Masautso," ananong'ona a Efulemu. "Ulipo?"

"Ndili pompano, amalume."

"Tandigwira dzanja."

Anawagwira. Dzanjalo linali lozizira. Pansi pa kulira kwa khasu panali kena, kochepa kwambiri, kamene makutu ankakagwira nkukataya: nyimbo yoimbidwa pakamwa potseka. Masautso sanachite mantha. Anamva fungo la mame ndi la utsi wa m'chitenje cha amayi, ndipo misozi imene inakana kutuluka pamanda inatsikira m'makutu ali chigonere.

Tambala atalira, khasu linaleka. A Efulemu anayatsa nyali, machesi akuwagwa m'zala. Mpiringidzo unali m'malo mwake. Khasu linali pakona pomwe paja. Koma kumaso kwake kunali dothi lofiira, lonyowa, likugwera pansi pang'onopang'ono.

A Efulemu analitenga ndi chiguduli kuti asalikhudze, namupatsa Masautso.

"Tenga. Ndi ndimeyo. Usandiuze kanthu."

Kutchalitchi Masautso sanabwerere msanga. Mkwiyo wake pa akulu aja unali usanapole, ndipo mpaka lero ena sawapatsa moni. Koma mbewu ya chimanga anakagula ku Mitundu, ndipo m'mawa mwake, nyenyezi zikadali kumwamba, anatsikira pamkuyu. Mpini anali ataukhomera msomali, khasu silinkagwederanso. Kupemphera anali ataiwala poyambira, choncho anangobwereza mawu amene ankawadziwa.

"Apa mpanu. Ine ndizingokulimirani."

Anaweramira mzere woyamba. Khasu lake linamenya pansi kamodzi: kho.

Kumbuyo kwake, mumzere woyandikana, pafupi ndithu moti akanatambasula dzanja akanakhudza, linayankha lina. Kho, ngwe.

Khosi la Masautso linafuna kupotoloka lokha. Anagwiritsa mpini, nayang'ana kutsogolo kumene kunkayamba kuyera, napitiriza kulima. Mzere unafika kumapeto uli wowongoka.