Mphuno ya Eskil

Uyu ndi Tuva. Tuva amakhala pa chilumba chaching'ono kumpoto kwa dziko la Norway. Amakhala ndi amayi ake ndi abambo ake. Alinso ndi mchimwene wake wamkulu. Dzina lake ndi Eskil.

Tuva ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Eskil asachoke pakhomo.

Koma Eskil anali atakula. Anali atapeza ntchito m'sitima yapamadzi. Sitimayo inkapita kutali, kutali kwambiri.

Tsiku lonyamuka linayandikira. Inali nyengo yozizira. Mdima unkagwa masana. Amayi anayatsa nyale ya patebulo.

Eskil anabwera ndi pepala lalikulu loyera. Analimata pakhoma. Kenako anakhala pampando, pakati pa nyale ndi khoma. Chithunzithunzi chake chinagwera papepala. Chinali ndi chipumi. Chinali ndi mphuno. Chinali ndi chibwano.

"Bwera kuno, kambewa iwe," anatero Eskil. "Tenga pensulo. Utsate m'mphepete mwa chithunzithunzi changa. Ndikachoka mawa, uzindiona pakhomapa."

Tuva anatenga pensulo. Anayambira pachipumi. Anatsata pang'onopang'ono. Mzere unatsika, unatsika, mpaka pamphuno. Apo analeka.

"Achimwene, musapite," anatero Tuva.

"Ndiyenera kupita, Tuva. Ndidzabwera kukadzayamba kufunda."

"Ndiye pitani. Sindikufunani ndi pakhoma pomwe."

Tuva anakhwatchakhwatcha mzere uja. Anakanganula pepala pakhoma. Analing'amba. Analiponya pamoto. Pepala linapsa lonse.

Eskil anayang'ana moto. Kenako anadzuka n'kupita kukalongedza zovala.

M'mawa mwake, amayi anaitana Tuva.

"Vala jekete, mwanawe. Tiye tikamuperekeze kudoko."

"Ine sindipita," anayankha Tuva. Anadzitsekera m'chipinda.

Eskil anagogoda pachitseko. Anagogodanso.

"Tsala bwino, kambewa," anatero.

Tuva sanatsegule. 

Patapita nthawi, boti lonyamula Eskil linaliza hutala kudoko. Tuva anaimirira msanga. Anathamangira pawindo. Panyanja panali chifunga. Anaona boti likuchoka. Posakhalitsa sankaonanso anthu. Ankangoona maonekedwe a boti. Maonekedwe aja anayamba kuzimiririka. Anazimiririka, anazimiririka. Panatsala chifunga chokha.

Tuva anakweza dzanja. Koma panalibe woti amubaibitse.

Nyumba inakhala zii. Mpando wa Eskil unali wopanda munthu. Pilo yake inali yolowa pakati, pamene pankagona mutu wake. Tuva sanafune kuikhudza.

"Ababa, tiwaimbire foni achimwene," anatero Tuva.

"Pakati pa nyanja foni siigwira, mwana wanga," anayankha abambo. "Tidikire afike padoko lina."

Tuva anadikira. Masiku anapita. Foni sinalire.

Tsiku lina Tuva anatenga pepala latsopano. Anafuna kujambula Eskil pamtima. Anajambula chipumi. Anajambula mphuno. Mphunoyo inaoneka ngati mbatatesi. Anaifufuta.

Anajambulanso. Mphuno inaoneka ngati mlomo wa mbalame. Anaifufutanso.

Anajambula, anafufuta. Anajambula, anafufuta. Pepala linabooka.

Tuva analira chamumtima. Misozi inagwera papepala.

"Ndikanamaliza kujambula tsiku lija," anatero. "Ndikanatsegula chitseko. Ndikanapita kudoko."

Amayi anakhala pafupi naye. Anamusisita kumsana.

"Zithunzi za Eskil zilipo zambiri m'fonimu. Ndikuonetse?"

"Ayi, amayi. Ndikufuna chija anandipempha."

Amayi anangomukumbatira.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Abambo analowa kuchokera kunyanja. Ankanunkhira mchere ndi nsomba. Anakhala pampando, pafupi ndi nyale. Anawerama kuti avule nsapato. Kenako anaweramuka.

Chithunzithunzi chawo chinagwera pakhoma.

Tuva anachiyang'ana. Anapukuta misozi. Anachiyang'ananso.

"Ababa, musagwedezeke," anatero.

"Ndalakwanji ine?" anafunsa abambo.

"Muli ndi mphuno ya achimwene."

"Ayi, iwe. Mphunoyi ndi yanga. Eskil ndiye anandibera."

Amayi anaseka. "Mphuno tengani," anatero. "Koma chibwano chake ndi changa. Pamenepo musandilande."

Amayi anatembenuka cham'mbali. Tuva anayang'ana pakhoma. Zinali zoona. Chibwano chinali chomwecho.

"Nanga chipumi?" anafunsa Tuva.

Amayi anamugunda pang'ono pachipumi ndi chala.

"Chipumi ndi ichi. Chipumi cha anthu amakani. Muli nacho nonse awiri."

Tuva anathamanga kukatenga mapepala atatu. Anamata loyamba pakhoma.

Abambo anakhala chete pampando. Tuva anatsata mphuno yawo. Anatsata pang'onopang'ono. 

Amayi anakhala pampando. Tuva anatsata milomo ndi chibwano chawo.

Kenako Tuva anakhala pampando. Abambo anagwira pensulo ndi zala zawo zikuluzikulu.

"Usapume," anatero abambo.

"Ndifatu, ababa."

"Chabwino, puma pang'ono."

Abambo anatsata chipumi cha Tuva. Mzere wawo unali wokhotakhota. Koma unatha.

Tuva anatenga sizasi. Anadula chipumi. Anadula mphuno. Anadula chibwano. Anazilumikiza pamodzi n'kuzimata. Anajambulanso mutu ndi khosi. Anawonjezera katsitsi koimirira pamutu. Kenako anapaka utoto wakuda mkati monse.

Utoto utauma, anamata chithunzicho pakhoma. Onse atatu anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana.

Sanali Eskil ndendende. Koma anali Eskil.

Abambo anatsokomola. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya juzi.

Masiku anapitanso. Kunja kunali kukuzizirabe. Tsiku lina amayi akuphika, foni inalira. Tuva anaithamangira. M'fonimo munaoneka nkhope ya Eskil. Anali atavala chipewa chaubweya.

"Kambewa, ndiwe?" anafunsa Eskil.

 

"Achimwene, pepani," anatero Tuva. "Ndinawotcha pepala lanu. Sindinakuperekezeni."



"Zinandipweteka," anatero Eskil. "Ndinkayang'ana padoko mpaka chifunga chinandiphimba. Koma ndamva. Zatha, mlongo wanga."

"Ndikuonetseni chinthu?"

"Ndionetse."

Tuva analozetsa foni kukhoma. Eskil anayang'anitsitsa. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Mphuno yonseyo ndi yanga?" anafunsa.

"Ndakubwereka chabe," anatero abambo. "Ukadzabwera, udzandibwezere."

Tuva anaseka, misozi ili m'masaya.

Amayi anapakula nsomba ndi mbatatesi. Anayatsa nyale. Tuva anakokera mpando wake pafupi ndi khoma.

Patebulo anakhala anthu atatu. Pakhoma panali wachinayi.