Mapazi a Malemu Gomesi

Dzuwa litangowomba pa phiri la Dzenje, Tsogolani anawongola miyendo yake iwiri yachitsulo nayamba kutsika mtsetse. Analibe mutu, analibe manja. Thupi lake linali chibokosi chachikulu ngati thumba la chimanga, pamwamba pali diso limodzi lagalasi, kunsi kwa miyendo kuli mapazi a labala okhala ndi chidendene ndi zala. Anayenda pang'ono, kenaka nthaka inang'ambika, phuu! Fumbi litatha, phazi lamanzere linali litaulukira m'tchire. Kangolo koyenda kokha kanabwera m'mbuyo mwake, kanamulumikiza phazi lina, ndipo ola lisanathe Tsogolani anali atayambanso kuyenda.

Chinali chaka cha 2071. Nkhondo ya m'malire inali itatha zaka makumi atatu m'mbuyomo, koma asilikali pochoka anasiya mabomba okwirira pansi, amene anthu a m'mudzi wa Kaliwo anawatcha atcherakhutu. Mabomba akale anali opusa, chilichonse cholemera chikawaponda ankaphulika. Awa ayi. Lililonse linali ndi kakompyuta m'mimba, komvetsera kugunda kwa nthaka. Mbuzi idutse, ali phee. Ngolo idutse, ali phee. Thirakitala ya maunyolo omenya pansi imene akatswiri anabwera nayo poyamba inangotopa pachabe. Atcherakhutu ankadikira phazi la munthu basi. Amene anaganiza zimenezi, kaya anayamwa bere la mayi kapena anachita kugwa mumtengo, ine sindidziwa.

Ndiye bungwe lochotsa mabomba linabweretsa makina oyenda ngati munthu. Woyendetsa ankakhala kutali, mu tenti kuseri kwa sukulu. Ankavala nsapato za mawaya ndi magalasi oonera zonse zimene diso la makinawo likuona, n'kumayenda pa mkeka wamagetsi umene umaterereka pansi pa mapazi munthu osachoka pamalo. Akaponya phazi pamkeka, makina aponya phazi kuphiri. Makinawo anthu anawatcha Tsogolani, poti ndi mawu amene munthu amauza mnzake njira ikakhala yokayikitsa.

Koma akatswiri onse ochokera kutauni analephera. Munthu akadziwa kuti akuponda pamkeka, miyendo imauma, ndipo atcherakhutu sankanyengeka. Amene anawapusitsa ndi Gomesi Kanyumbu, mlimi wa kachewere amene anangolembedwa ntchito yosesa pa tentipo. Iyeyu anabadwira pamtsetse womwewo mudzi usanasamutsidwe. Tsiku lina akatswiriwo anamuveka magalasi ndi nsapato zija mongocheza, ndipo ataona mkuyu wa pakhomo pa mayi ake anaiwala tenti, anaiwala mawaya, n'kungoyamba ulendo wopita kwawo. Gomesi ankatsimphina, chifukwa ngolo inamuponda ali mwana. Phazi lamanja ankaponya patali, lamanzere pafupi, n'kulikhwekhwereza pang'ono. Tsiku limenelo mabomba asanu ndi awiri anaphulika.

Anagwira ntchitoyo zaka ziwiri. M'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, chibayo chinamutenga.

Patatha masabata atatu chiikireni maliro, mkazi wake, Nangozo, ankathyola nkhwani kuseri kwa nyumba, duku lakuda lili kumutu. Anamva phuu kuphiri, natukula maso. Pamtsetse panali kutsika chinthu, lamanja patali, lamanzere pafupi, khwee. Nkhwani zinamugwa m'manja. Anakhala pabanja ndi munthu ameneyo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo akadamuzindikira ngakhale pakati pa msika.

Anapita ku tenti osasamba n'komwe m'manja.

"Odi kuno."

"Lowani amayi. Pepani ndi zovuta zija," anatero Lusiya Chagunda, mayi wachitsikana amene ankayang'anira makinawo. Anali atakhala pampando, atagwira kandodo kowongolera. Mkeka unali wopinda pakona, nsapato za mawaya zili lende pamtengo wa tenti.

"Akuyenda kuphiriko ndani?"

"Palibe amene akuyenda, amayi. Makinawa ankasunga mu ubongo wake mayendedwe onse a malemu. Ine ndimangowauza kuti kumanja, kumanzere, imani. Kaponyedwe ka phazi akutenga pa zimene anasunga."

"Ndiye kuti akuyenda ndi bambo a Siteriya."

"Ndi manambala chabe amenewo."

"Manambala amatsimphina? Manambala anapondedwa ndi ngolo ya amalume awo?"

Lusiya anaimitsa makina kuphiri, nayika kandodo pansi. "Anavomera okha, amayi. Anadinda chala."

"Anavomera ali moyo. Atafa munawafunsa?"

Lusiya sanali munthu woipa, kungoti sukulu inamuphunzitsa za mawaya, osati za amasiye. Anati, "Mukanena kuti ndifafanize, ndifafaniza lero. Lamulo likukupatsani mphamvu imeneyo. Koma ndayesa ndekha pamkekapo, ndayesa amuna asanu ndi mmodzi a m'mudzi muno. Palibe bomba layankha. Kwatsala njira ya ku kasupe yokha."

Za kasupeyo Nangozo sanafunike kuuzidwa. Mjigo wa ku Kaliwo unauma kalekale, ndipo amayi ankayenda maola anayi kukatunga kumtsinje, pamene kasupe wa Dzenje ali pafupi, mitengo yake ikuoneka munthu ali pakhonde. Chaka chapitacho mayi wina woyembekezera anatopa, nadutsa chidule. Anthu anamva phuu ali m'minda, ndipo palibe amene anatha kukamutenga.

Madzulo a tsikulo kunabwera mlamu wake, a Mvalo, mkulu wa malemuyo. Anakhala pampando wa pakhonde nthawi yaitali akupotokola chipewa.

"Mlamu, ife monga akuchimuna takambirana. Kumeta kotsiriza kuja sikutheka."

"Chifukwa?"

"Kumeta n'kuuza munthu kuti ulendo watha, gona. Tsono timuuza bwanji munthu amene m'mawa uliwonse tikumuona akutsika phiri? Atiyesa amisala. Dukulo likhale kaye kumutu."

"Ndikakafafaniza mawa?"

A Mvalo anayang'ana kumene kunali mitengo ya kasupe, kenaka anayang'ana pansi. "Nkhani imeneyo ndi yanu, mlamu. Ine sinditunga madzi."

M'mawa mwake Nangozo anabwereranso ku tenti, naima pakhomo osalowa. "Afike pa kasupe," anatero. "Akafika, muwamasule tsiku lomwelo. Munthu sangagwire ntchito ali moyo, n'kugwiranso ali m'manda."

"Ndalonjeza, amayi."

Inatenga miyezi isanu. Tsiku lililonse Nangozo ankakwera pachulu cha kumapeto kwa munda wake, pamene chingwe chofiira chochenjeza chinayambira, n'kukhala pansi. Tsogolani ankazungulira mtsetse uku ndi uku, kuponda paliponse, matope akumumata mpaka m'mawondo. Madzulo pobwerera ankadutsa pakati, kuponda momwe anaponda dzulo, mpaka mapaziwo anazama m'katondo. Bomba likaphulika, mayiyo ankagwira pachifuwa n'kunong'ona kuti, "Pepani bambo." Amuna ake anamwalira kamodzi pamphasa, iye atawagwira mutu. Kuphiriko ankawaona akugwa kawiri, katatu pa tsiku, n'kudzukanso, n'kupitiriza osadandaula, monga momwe analili.

Panalinso kanthu kena kamene kankamuzizira m'mafupa. Makinawo akafika pamkuyu uja ankaima kanthawi, diso lili kumanzere kumene kunali nyumba ya apongozi ake, ngakhale panalibenso khoma kapena chitsa. Lusiya ankakankha kandodo, koma Tsogolani sankasuntha mpaka kanthawiko katakwana.

"Malemu ankaima pamenepo nthawi zonse," Lusiya anamuuza tsiku lina, mawu ali pansi. "Makina anangotengera. Ndayesa kuchotsa, koma ndikachotsa, mayendedwe onse amasokonekera."

"Asiyeni. Akupereka moni kwa amayi awo."

Tinene zoona, poti bodza silithandiza: pofika mwezi wachitatu Nangozo ankadzuka m'mamawa ndi mtima wofulumira. Ankasamba, kudzola mafuta, kumanga bwino duku lakudalo, n'kumapita pachulu. Ankadana ndi makinawo ndi mtima wonse, komabe tsiku limene batire linavuta Tsogolani osatuluka, iye sanadye. Mwana wake Siteriya, amene anakwatiwa kutsidya, anabwera kudzamukalipira kuti anthu ayamba kulankhula. Mayiyo anangoti, "Alankhule. Awo amuna awo ali m'nyumba."

M'mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikuwomba, Tsogolani anaviika phazi m'madzi a kasupe. Mudzi wonse unaimba nthungululu. Lusiya anasunga lonjezo. Anabweretsa makinawo pabwalo la sukulu, napatsa Nangozo kagalasi kowala kokhala ngati mbale yaing'ono.

"Mukadinda chala apa, zonse zipita. Sizidzabwereranso, amayi. Mwamvetsa?"

"Ndamva. Ayende kaye kamodzi, achoke apa afike pamtengo wa mangowo."

Anayenda. Lamanja patali, lamanzere pafupi, khwee. Amuna anavula zipewa popanda wowauza. Nangozo anayang'ana mpaka makinawo ataima pamthunzi, kenaka anadinda chala. Panalibe phokoso lililonse. Lusiya anakankha kandodo, ndipo Tsogolani anabwerera akuponya mapazi ofanana ndendende, nga nga nga, chitsulo chachabechabe. Apa mpamene mayiyo analira, kulira koposa kwa tsiku la maliro, ndipo amayi anzake anachita kumunyamula.

Loweruka lotsatira anameta. Anaphika mowa, a Mvalo analankhula kumanda kuti, "Mng'ono wanga, ntchito waimaliza, tsono gona." Duku lakuda linachotsedwa. Galimoto inabwera kudzatenga Tsogolani kupita naye kudera lina, kuti akafune munthu wina woti amuphunzitse kuyenda.

Lolemba m'mawa Lusiya anadula chingwe chofiira. Anaima pamwala nauza anthu kuti, "Kuchokera pa chikhomo choyera ichi kukafika pa icho, ponse ndi pabwino. Ngolo ziwiri zikhoza kudutsana. Pondani pamene mufuna."

Anthu anawomba m'manja, koma palibe anasuntha. Lusiya anali ndi makalata ake a sukulu, koma anthu a ku Kaliwo sankawadziwa. Kwa zaka makumi atatu, mwana wa m'mudzimo asanadziwe kutchula dzina lake ankadziwa kale lamulo limodzi: ponda pamene mnzako waponda. Ku Kaliwo anthu sayenda mbali ndi mbali, ngakhale pa ukwati. Ndipo pakati pa njira yatsopanoyo panali mapazi ozama, oumbika m'katondo nthawi ya mvula, tsopano atauma gwa ndi dzuwa.

Mayi wina wolimba mtima anasenza ndowa, naika phazi lake m'phazi loyamba. Lachiwiri linali patali, anatambasula mwendo. Lachitatu linali pafupi, lili ndi kamzere kokhwekhwereza. Wachiwiri anamutsatira, wachitatu, wachinayi.

Nangozo anali pakhonde akumanga nkhata. Atatukula maso anaona mzere wa amayi oposa makumi awiri akukwera phiri, ndowa kumutu, onse akutsimphina mwendo wamanzere. Atafika pamkuyu, pamene mapazi awiri anagundana chifukwa makina ankaimapo, wotsogola anaima, ndipo mzere wonse unaima naye kanthawi.

Lusiya anabwera akuthamanga, nkhope itagwa. "Amayi, pepani. Sindinaganize. Ndiitana anthu abwere ndi makasu, tisalaze mapazi onsewo lero lomwe."

"Musayerekeze."

"Koma amayi..."

"Mwana wanga, kuno dothi lokumbidwa kumene ndi chizindikiro cha bomba. Mukalima njirayo, palibe adzapondepo mpaka ine kufa. Abwerera kumtsinje, ndipo wina adzadutsanso chidule."

"Mvula ikabwera afafanizika okha."

"Pofika nthawi ya mvula akhala atapondamo anthu angati? Akuzamirazamira."

Lusiya anakhala pansi pakhondepo. A Mvalo, amene anabwera kudzatsanzika, anaima chilili akuyang'ana kuphiri, chipewa chili m'manja. "Tinamuuza kuti agone," anatero, osadziwika ngati akuuza mlamu wake kapena akudziuza okha.

Mumtsuko munalibe madzi. Nangozo anaika nkhata kumutu, nasenza ndowa, napita mpaka pamene panali chingwe. Anayang'ana nthaka yoyera ya kumanja, yotakata, yopanda chilema, imene mutu wake unkadziwa kuti ndi yabwino. Anatukula phazi kuti aponde pamenepo. Mwendo unakana, monga unkakanira kwa zaka makumi atatu. Anauyesanso, koma unakanabe.

Ndiye anaika phazi m'phazi la amuna ake. Linali lalikulu, lake linangolowamo lonse. Lamanja patali, lamanzere pafupi, khwee.

Mpaka lero mukakumana ndi munthu kumsika wa m'malire, wamkulu kapena wamng'ono, akukoka pang'ono mwendo wamanzere pamene alibe bala, musavutike kumufunsa kwawo. Zimene anasunga makina zinafafanizika ndi chala chimodzi, koma zimene mantha anasunga m'miyendo ya anthu, palibe pamene Nangozo akanadinda.