Timadontho Titatu pa Injini

Lulwa anakumana ndi Meshari tsiku limene galimoto yake inalowa m'galaja ya ku Shuwaikh, m'dziko la Kuwait, itaberekedwa pa lole, ikununkha nkhosa. Inali Pontiac GTO ya 1969, ndipo inali itagona zaka khumi ndi zisanu m'khola la mkulu wina ku Kabd, itafunditsidwa lona. Matayala onse anali akuphwa, mipando itadyedwa ndi makoswe. Amakaniko anasiya masipanala n'kuyamba kuseka, wina mpaka kufunsa ngati nkhosazo nazonso zikubwera pambuyo.

Mmodzi yekha sanaseke. Anali Meshari, mnyamata wamtali, waulemu, mwini galajayo. Anatsegula boneti, nawerama nthawi yaitali akupukuta manambala odindidwa pa injini.

"Chemwali, mukudziwa chimene mwagula?" anafunsa motsitsa mawu. "Injini iyi ndi imene galimotoyi inabadwa nayo. Sinachotsedwepo chipangidwire. Anthu amaisaka ngati golide."

Lulwa ankadziwa bwino lomwe. Iyi inali galimoto yakale yoyamba kugula m'moyo wake, ndipo sanaigulire kunyada. Bambo ake, a Bu Jasim, anali ndi ina yonga yomweyi ali mnyamata, yobiriwira, mpaka inapita ndi nkhondo ya 1990. Tsopano matenda a shuga anali atawalanda maso. Lulwa, amene masana ankagulitsa mankhwala ku famase, anawalonjeza kuti asanatsikire kuli chete adzamvanso kulira kwa injini imeneyo, atakhala pampando wakutsogolo.

Tsikulo a Bu Jasim anali pomwepo, pampando wapulasitiki, ndodo ili pakati pa miyendo. Meshari anamangirira batire yatsopano, nadontheza petulo pang'ono m'kabuleta. Injini inatsokomola kawiri, kenaka inabangula, utsi n'kudzaza galaja yonse.

Mkuluyo anakweza dzanja kuti onse akhale chete.

"Tamverani. Ikuchita ngati ikufuna kuzima, koma siizima. Ndi imeneyo, mwana wanga. Ndi imeneyo."

Misozi inatsika m'maso osaona aja. Lulwa atacheuka anapeza Meshari sakuyang'ana injini koma iyeyo, ndipo mtima wake unagunda molakwika. Mtima wa munthu ndi wopusa bwanji! Umasankha tsiku lake wokha.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse Lulwa ankafika kugalajako atavala ovolosi m'kati mwa abaya, mkanjo wake wakuda. Sanafune kungolipira n'kudikira, ankafuna kuti manja ake ade. A Bu Jasim anamupatsa lamulo limodzi lokha la anthu okonza magalimoto akale: chitsulo chilichonse chimene wamasula uchiike chizindikiro chako, chifukwa m'galaja zitsulo zimamera miyendo. Ena amadinda ndi msomali, ena amalemba ndi choko. Lulwa anatulutsa kabotolo ka kyuteksi wofiira wopaka m'zikhadabo m'chikwama. Pa kabuleta, pa zivindikiro za injini, pamutu pa bawuti iliyonse yaikulu, ankaika timadontho titatu.

Meshari ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Ankati chiyambire ntchito sanaonepo injini yopita kuukwati. Kenaka tsiku lina anatambasula dzanja lake lakuda ndi mafuta.

"Nanenso mundiike chizindikiro, ngale yanga, ndingasochere."

Lulwa anamuika timadontho titatu pa chikhadabo cha chala chachikulu. Usiku sunafike, uthenga unali utalowa kale pa foni: "Ndasamba m'manja kasanu koma chala ichi ndachizemba. Ndine katundu wako tsopano."

Mnyamatayo pakamwa anali ndi uchi. M'mawa uliwonse ankatumiza mawu: "Wadzuka bwanji, kuwala kwa maso anga?" Masana ankatumiza chithunzi cha chitseko chopalidwa dzimbiri, pansi pake atalemba kuti, "Ndikupala pang'onopang'ono kuti usasiye kubwera." Akabwera a Bu Jasim, ankawapsompsona pamphumi, kuwathirira khofi ndi dzanja lake, n'kumawatcha amalume. Ndani akanakayika munthu wotero?

Lonjezo lalikulu analinena atatsamira galimotoyo, onse awiri akumwa tiyi wa mkaka m'timakapu tapepala.

"Lulu wanga, tsiku limene galimoto iyi idzatuluke pachipata ichi, mayi anga adzalowa pachipata cha kwanu kudzakupempha. Mulungu ndi mboni."

Lulwa anawasunga mawuwo mumtima ngati dzira. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo azakhali ake anali atatopa kumufunsa.

Chilimwe chitafika, dzuwa la mu Julaye linasandutsa galaja kukhala uvuni. Meshari anati injini iyenera kupita kwa mnzake wina wa makina apadera, ikamasulidwe yonse. Anatinso Lulwa ayambe wapuma kubwera, chifukwa kukutentha, komanso amakaniko ayamba kulankhulalankhula ndipo iye safuna dzina la mkazi wake wam'tsogolo lizitafunidwa ndi anthu. Lulwa anaona kuti chimenecho ndiye chikondi chenicheni, ndipo anamvera. Miyezi inayi anangokhalira mauthenga.

Mu Novembala galimoto inafika pakhomo, Meshari ali pachiwongolero. Inali yobiriwira, yonyezimira mpaka ana a m'nyumba zoyandikana anatuluka kudzaizungulira. Lulwa anathamanga kukatenga bambo ake, nawaimika pambali pa boneti. Meshari analiza injini. Inalira mosalala, mwaulemu, mosadodoma.

A Bu Jasim anamvetsera kanthawi, mutu utapendekeka.

"Zimitsa," anatero. "Si imeneyi."

Meshari anaseka kaseko kaulemu. Anafotokoza kuti injini ikakonzedwa mawu amasintha, monga munthu akachira chifuwa. Lulwa anasuzumira m'boneti. Kukula kwake kunali komweko, maonekedwe omwewo, pakuti mainjini a mtundu umenewu aakulu ndi aang'ono kunja amafanana. Timadontho take tokha ndi timene panalibe. Meshari anati tinapita ndi penti yatsopano, ndipo anamulonjeza kabotolo kena ka kyuteksi.

Meshari atachoka, a Bu Jasim anabwerezanso mawu awo, kuti mnyamatayo wasintha mtima wa galimoto. Lulwa anapsa mtima. Anaganiza za miyezi yonse ija, za manja ake osupuka, za mayi a Meshari amene amayenera kubwera sabata yomweyo. Kodi mkuluyu akufuna kumuthamangitsira mwamuna pa khomo chifukwa cha phokoso?

"Ababa, maso anapita kale. Mwina makutu nawo ayamba kutsatira."

Lulwa anangomva mawuwo atatuluka kale. Bambo ake anafufuza ndodo yawo, nalowa m'nyumba akupapasa khoma, ndipo masiku atatu sanatchulenso za galimoto. Ankadya mpunga wawo mwakachetechete, namathokoza mwana wawo ngati akuthokoza mlendo. Lulwa zinkamuwawa, koma kunyada kunamutseka pakamwa.

Mayi a Meshari sanabwere. Uthenga unati Meshari wapita mwadzidzidzi ku Sharjah, kunja kwa dziko, kukasaka magalasi oyambirira a galimotoyo. "Ngale yanga siingayende ndi magalasi achabechabe. Ndikangobwera, tikubwera ndi mayi. Undidikire."

Lachisanu m'mawa, kunja kukuzizira bwino, eni magalimoto akale amasonkhana pabwalo loimikapo magalimoto m'mbali mwa nyanja. Aliyense amatsegula boneti n'kuima pambali, kuti odutsa aone ndi kusirira. Lulwa anaganiza zokonza zinthu ndi bambo ake. Anawapempha kuti apite limodzi, ndipo iwo anavala dishidasha yawo, mkanjo waubweya. Njira yonse anakhala pampando wakutsogolo manja ali pamaondo. Lonjezo lija linali likukwaniritsidwa, koma munalibe chimwemwe m'galimotomo.

Atafika anaimika galimoto kumapeto, nayamba kuyenda pakati pa mizere, Lulwa atawagwira mkono. Mainjini ankalira uku ndi uku. Mwadzidzidzi mkuluyo anaima, zala zake zikufinya dzanja la mwana wake.

"Imeneyo."

"Chiyani, ababa?"

"Injini yako. Ili kumanjaku."

Tsopano wosaona ndi amene ankatsogolera woona. Anadutsa magalimoto anayi, naima pa GTO yakuda imene inkanjenjemera pamalo amodzi, ikuchita ngati ikufuna kuzima koma osazima. Mwini wake, bambo wonenepa wa ndevu zaimvi, anawalonjera mwansangala nadzitchula kuti ndi a Bu Talal. Anaona kuti mkuluyo saona, ndiye anayamba kumufotokozera zonse monyadira. Anati galimotoyi anakhala nayo zaka zambiri ili ndi injini yaing'ono yongobwerekera, ndipo yeniyeni anaisaka mpaka kutaya mtima. Iyi sinapentidwepo n'komwe, anakaniza dala, kuti anthu aone kuti ndi yachikhalire.

Lulwa anawerama. Pa kabuleta panali timadontho titatu tofiira. Pa chivindikiro, titatu. Pa bawuti ya pakona, imene inamuthyola chikhadabo mu Epulo, titatu, kamodzi kali kopendama chifukwa tsikulo Meshari anamugwedeza chigongono akumuseka.

 Komabe mtima unayesa kumuikira kumbuyo mnyamata uja. Mwina anaberedwa? Mwina mnzake wa makina uja ndiye wakuba? Anafunsa a Bu Talal kuti injiniyo anaipeza kuti.

"Mphatso imeneyi, mwana wanga," anatero a Bu Talal akusisita ndevu. "Mkamwini wanga, Meshari wa ku Shuwaikh. Atabwera kudzapempha mwana wanga ndinamuuza mocheza kuti ukandipezera injini yeniyeni, mtsikanayo ndi wako. Miyezi itatu sinathe! Lachinayi likudzali tikumanga ukwati pamaso pa shehe. Si uyo apo, akutigulira tiyi."

Analoza kakiyosiki ka pafupi. Meshari anali pamzere, atawafulatira, atavala dishidasha yoyera bwino, mutu uli pa foni. Zala zake zinkathamanga.

Foni ya Lulwa inanjenjemera m'chikwama. Anaitulutsa.

"Mtima wanga, Sharjah yandikwana popanda iwe. Ndikuyang'ana nyanja ndikuona nkhope yako. Masiku awiri okha."

Anauwerenga kawiri. Sanalire. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo iye anali atadya nkhuyuyo miyezi isanu ndi itatu, mpaka kunyoza bambo ake omubala chifukwa cha iyo. Analemba liwu limodzi lokha n'kutumiza.

"Cheuka."

Meshari anacheuka. Kumwetulira kunali kusanachoke pankhope pake pamene maso awo anakumana, ndipo kunafota pang'onopang'ono. Wogulitsa tiyi anamupatsa makapu, iye osawaona. Sanasunthe, sanabwere. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Lulwa anatsegula chikwama, natulutsa kabotolo ka kyuteksi kaja, kotsala pang'ono pansi, nakaika m'dzanja la a Bu Talal. Kenaka anawalozera pa kabuleta.

"Amalume, Lachinayi lisanafike, mufunse mkamwini wanu kuti timadontho iti anaika ndani. Akakana, zithunzi zonse ndili nazo."

A Bu Talal anayang'ana kabotoloko, anayang'ana injini, kenaka anayang'ana kukiyosiki kuja. Nkhope yawo inagwa. Anatambasula dzanja kuti azimitse galimoto.

Lulwa anatembenukira kwa bambo ake. Anawagwira mutu ndi manja onse awiri, nawapsompsona pamphumi pamaso pa anthu onse, ndipo apa m'pamene misozi inamugonjetsa.

"Ababa, ndikhululukireni. Wosaona ndinali ine."

Mkuluyo anapapasa nkhope ya mwana wake, namupukuta ndi chala chachikulu. Sanatchule Meshari, sanatchule mawu oipa aja. Atamva makiyi akugwedezeka, anatembenuzira mutu kumene kunkachokera phokoso.

"M'bale wanga, musazimitse," anatero kwa a Bu Talal. "Mwana wangayu anandilonjeza kuti ndidzaimva. Ilekeni ilire pang'ono."

Lulwa anatenga dzanja la bambo ake naliika pa chitsulo chofunda cha galimoto ya eni, dzanja lake lili pamwamba. Injini inapitiriza kugunda pansi pa manja awo, ikuchita ngati ikufuna kuzima, koma osazima.