Mayi wa Nambala 31

Martina Besa anakumana ndi Cliff Kabamba tsiku limene miyendo inamukanira pa siteshoni ya maminibasi m'tauni ya Lusaka. Anali atakweza kale phazi limodzi m'basi ya ku Chelstone pamene mtima unayamba kugunda mothamanga, manja n'kunyowa, mpweya n'kumuthawa. Kondakitala anakalipa kuti akwere kapena apatuke.

Pamenepo panafika bambo wa magalasi, wa jekete la bulauni, n'kumukokera pambali.

"Osathamanga, sisi. Ikani mapazi onse pansi. Manje pumani pang'onopang'ono, tibelenge pamodzi."

Anawerenga mpaka khumi, basi n'kupita. Anawerenganso, ina n'kupitanso. Mtima utakhala m'malo, bamboyo anadzitchula dzina, nati ndi dokotala wa za maganizo, wosabaya jakisoni. Ntchito yake inali kufufuza mmene kupuma mosamala ndi kukhazika maganizo pamodzi kumasinthira ubongo wa munthu wamantha. Anali ndi chipewa cha mawaya chimene ankaveka anthu kuti aone pakompyuta zochitika m'mutu mwawo. Martina, telala wa madiresi a ukwati ku Kabwata, anaseka n'kunena kuti chipewacho iye sangavale. Koma nambala ya foni anapereka, ndipo sanachite kuumirizidwa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse sikisi koloko foni inkalira.

"Duwa langa, usanadzuke puma katatu. Dzulo lapita, mawa silinafike. Khala pano."

Mtsikana wake uti amene sangakomedwe ndi zoterezi? Martina ankawerenga uthengawo kanayi, n'kukasoka tsiku lonse akumwetulira yekha. Ankamukonda Cliff, kumukonda kosabisika. Ndi chifukwa chake Lamulungu lina masana, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kunyumba ya Cliff ku Woodlands, anamuuza chimene sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubala. Tsiku la ngozi ya basi imene inapha mng'ono wake Chisenga, pawindo panakhala Martina. Dzuwa litamuwotcha, anapempha Chisenga kuti asinthane mipando. Sipanathe mphindi khumi, lole inawomba mbali ya pawindoyo.

Analira mpaka mawu kutha. Cliff anamugwira manja onse awiri.

"Wanga wa pamtima, izi zathela pano. Nazisunga mumtima, osati papepala. Nikulonjeza."

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa, ndipo nkhani inafika kwa akuluakulu. Anagwirizana kuti Loweruka nkhoswe ya Cliff ipite ku Chelstone kwa amalume a Martina ndi mbale zovundikira, monga afunsirira mbeta Abemba. Koma pamene tsikulo linkayandikira, mtima wa Martina unayamba kukayika.

Foni ya Cliff inkakhala chafufumimba nthawi zonse. Mayina ena m'menemo sanali mayina, anali zilembo ndi manambala. Lachinayi masana sankapezeka. Anali ndi kabuku kobiriwira kamene ankakatseka msanga Martina akalowa. Ndiye mafunso ake! Munthu muli pakati pa kudya, iye n'kufunsa kuti kuyambira pa wani mpaka pa teni, mantha ako lero ali pati. Ndi chikondi chimenecho kapena mayeso?

Tsiku lina Cliff ali kubafa, foni inawala patebulo. Martina anaitembenuza, ndipo sitimuweruza. Uthenga unachokera kwa E-12.

"Ba Dokota, nagona bwino maningi chifukwa cha imwe. Tizaonana pa Chinayi."

Atamufunsa, Cliff sanatekeseke. Anati ndi za kuntchito, ndipo lamulo la kafukufuku silimulola kutchula dzina la munthu aliyense, ngakhale kwa mkazi wake wam'tsogolo. Anamupsompsona pachipumi n'kumuuza kuti apume katatu. Apa mpamene Martina anapsa mtima zenizeni. Munthu ukufunsa za mkazi mnzako, wina akukuuza za kupuma!

Bernadette, mnzake wosoka naye, sanachedwe kuthira mafuta pamoto. Anati mwamuna amene sakwiya akafunsidwa ndiye kuti yankho analikonza kale, ndipo E ameneyo ayenera kukhala kamtsikana ka kuyunivesite. Anamulangiza kuti asalole mbale zilowe m'nyumba ya amalume asanamuone ndi maso ake.

Mwayi unadza wokha. Akusoka batani la jekete la bulauni lija, Martina anapeza khadi la msonkhano m'thumba. Lachinayi lomwelo, pa hotela ina ku Kabulonga, Dokotala Kabamba akakamba za zotsatira za kafukufuku wake pamaso pa akatswiri ochokera kunja. Cliff sanamuitane. Atamufunsa mozungulira za Lachinayi, Cliff anangoti kuli kamsonkhano kotopetsa ka chizungu chokhachokha.

Martina anavala diresi lake labwino n'kupita.

Anakhala kumbuyo kwenikweni, maso akusakasaka kamtsikana kaja. Pambali pake panakhala mayi wonenepa, wa imvi, wa chitenje chatsopano. Mayiyo anali wocheza. Anati dzina lawo ndi Emmy, amagulitsa tinsomba ta kapenta, ndipo chiwafereni amuna awo sankagona mpaka ba Dokota anawaphunzitsa kupuma. Anaseka kuti m'mabuku a dokotalayo iwo ndi E-12, ndipo Lachinayi lililonse amakavala chipewa cha mawaya.

Manyazi anamugwira Martina, koma anali manyazi okoma. Kani mkazi mnzake uja ndi gogo wa kapenta? Anafuna kuthamangira kutsogolo kukapepesa.

"Onani vamene amatitumila m'mawa," anatero mayi Emmy, akumuonetsa foni. "Tonse tili sikisite, tilandila pa sikisi."

Martina anawerenga. "Usanadzuke puma katatu. Dzulo lapita, mawa silinafike. Khala pano." Anatulutsa foni yake n'kuyerekeza, tsiku ndi tsiku, kubwerera m'mbuyo. Mauthenga anali amodzimodzi. Kwa iye Cliff ankangowonjeza mawu awiri koyambirira. Zinamuwawa, komabe anadzilimbitsa kuti mawu awiriwo ndi ake.

Kutsogolo Cliff anali kuyankhula, wowala, wodzidalira. Anaonetsa zithunzi za ubongo za mitundumitundu, anatchula mayiko kumene zolemba zake zikuwerengedwa, anthu akugwedeza mitu. Kenako anatsitsa mawu. Anati pali munthu mmodzi amene sanavalepo chipewa cha mawaya, koma anamutsatira miyezi isanu ndi itatu m'moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani yake ndi imene yakopa akatswiri ambiri. Pakhoma panaoneka mutu wakuti Mayi wa Nambala 31. Wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Wosoka zovala. Woopa kukwera basi. Panali mzere wotsika wosonyeza mantha ake mwezi ndi mwezi, kuchoka pa naini kufika pa folo. Pansi pake panali mawu m'zilembo zikuluzikulu, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi.

"Ndine n'namuuza kuti tisinthane mipando."

Chizungu Martina ankachimva bwino, koma apa sichinafunikenso. Anthu oposa zana anali kuwerenga chimene mayi ake sankachidziwa. Mayi Emmy anapukusa mutu n'kunong'ona kuti mwana wa eni ake wasenza katundu wolemera. Kenako holo yonse inawomba m'manja.

Anamudikira panja, poimika magalimoto. Cliff atamuona anaima chilili, mapepala ali m'manja.

"Duwa langa, wabwela bwanji kuno?"

"Unati mumtima, osati papepala."

Cliff anayamba kufotokoza mofulumira. Anati dzina la Martina mulibe, palibe angamuzindikire. Anati nkhaniyo ithandiza anthu zikwizikwi odziimba mlandu ngati iye. Anavomera kuti tsiku la pasiteshoni anaona kaye munthu woyenera kafukufuku, koma analumbira kuti pambuyo pake anamukonda zenizeni, ndipo Loweruka ndi umboni. Martina anamuyang'ana, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti anamukhulupirira. Bamboyu ankamukondadi, koma pomwe iye ankalira pansi pa mapeyala paja, mnzake ankaloweza mawu oti akalembe.

"Ba Emmy unabapempha chilolezo?"

"Ee, anasaina."

"Nanga ine?"

Cliff anayang'ana pansi. "N'naziba kuti uzakana."

"Ichosemo nkhani yanga. Lelo lomwe. Ukaichosamo, mbale zibwele."

Apa Martina anadikira ndi mtima wonse, chifukwa ankafunabe kukwatiwa naye. Mawu amodzi okha akanakwana. Cliff anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anati pepala la kafukufukuyo linasindikizidwa kale kunja mwezi watha. Kulibweza kungatanthauze kuulula kuti analemba za munthu wopanda chilolezo, ndiye kuti ntchito ya zaka khumi ndi ziwiri yathera pomwepo. Anapempha kuti amumvetse.

"Nakumvesa," anatero Martina. "Uuze nkhoswe yako isavutike na mbale pa Chibelu."

"Martina, wanga wa pamtima, tiyeni tikambe."

"Nakamba kale kamodzi. Waona kwamene vinafika."

Wina anaitana Dokotala Kabamba kuti abwere adzajambulitse ndi alendo. Cliff anacheuka, kenako n'kuyang'ana Martina, kenako n'kucheukanso. Martina sanadikire kuti aone mbali imene apite. Anatuluka pageti misozi ikutsika, osaipukuta. Chikondi chinali chitatha, koma panatsala ntchito ina yowawa kuposa pamenepo. Nkhani imene alendo a kutsidya kwa nyanja aiwombera m'manja sikanayenera kufika kwa mwini mwana kudzera m'kamwa mwa wina.

Anaima pamthunzi wa mpanda n'kuimbira foni mayi ake.

"Amai, muli panyumba? Musachoke, nibwela manje manje. Nili na nkhani ya Chisenga yamene sin'nakuuzeni."