Madzi Oyera a Chikhatho

Zaka khumi ndi ziwiri Chikhatho anakhala akunyika nsalu pamalo a mkulu wake, mpaka utoto unamulowa m'zikhadabo ndi m'mizere ya m'manja, anthu n'kumupatsa dzina limeneli. Koma chikwangwani cha pageti chinali cha mkulu wake, makasitomala a mkulu wake, ulemu wonse wa mkulu wake. Iye ankagona m'kachipinda ka lendi kodontha, pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, amene ankamukonda kuposa maso ake. Kaduka kankamudya ngati chiswe.

Pamalopo panali lamulo limene bambo awo anasiya: madzi otsala m'migolo sapita kumtsinje. Ankawathira m'dzenje la mchenga ndi makala kuseri kwa shedi, kuti utoto ndi soda zitsalire momwemo. Tsiku lina, poona kuti dzenje ladzaza ndipo kufukula n'kowawa msana, Chikhatho anangopendeketsa migolo itatu m'ngalande. Mtsinje unafiira mpaka madzulo. Mkulu wake anamuchotsa ntchito antchito onse akuona.

"Anthu amamwa madzi amenewa," anatero mkuluyo. "Iwe si mmisiri ayi, ndiwe chigawenga."

Chikhatho anamusungira chakukhosi. Patatha mwezi ali pa ulova, anapita kwa sing'anga wina amene ankakhala kuseri kwa malo omatira matayala.

"Mukufuna chuma, kapena mukufuna munthu?" anafunsa sing'angayo, osakweza n'komwe maso.

"Zonse. Ndikufuna achimwene adzandigwadire."

Sing'anga anaseka chamumtima, n'kumupatsa kansupa kokulunga m'chikopa. "Aka mukamangirire pansi pa mgolo woyamba. Nsalu yonyikidwa mmenemo siidzasuluka. Koma chizimba chake nachi. Mukamange malo anuanu onyikira nsalu kumtunda kwa mkulu wanu. Dzenje musakumbe. Madzi onse otsala azipita kumtsinje, ndipo pazikhala chamoyo chowamwa. Mankhwala angawa amadya chimene chamwa."

"Chamoyo chake chiti?"

"Mtsinje susankha, bambo. Inunso musasankhe."

Chikhatho anakumbukira kuti chitsime cha mkulu wake chili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinjewo. Mtima wake unachita kuti myaa. Anavomera.

Chuma chinabwera ngati mvula ya mkuntho. Nsalu zake zinkawala moti amayi ankalimbirana pageti. Mahotela anaitanitsa makatani, atelala anasiya kugula kwa mkulu wake. Anagula lole, anamanga nyumba ya mpanda, ndipo madzi akumwa ankachita kubwera nawo m'mabotolo kuchokera kutali. Munthu wosadziwa akanati Mulungu wamukumbukira.

Kumunsi nsomba zinayandama mimba zili m'mwamba. Achule anasiya kulira. Mbuzi zinayamba kupoloza, masamba a m'madimba anapserera, ndipo amayi ochapa zovala anasupuka khungu la m'manja. Anthu anaphunzira msanga kuti mtsinje ukafiira kapena kubiriwira, osaukhudza. Ngakhale zitsime za m'mphepete anazisiya, n'kumakatunga kutali.

Mkulu wake anabwera yekha, atavala malaya ong'ambika pakolala.

"Makasitomala tenga onse, mng'ono wanga. Koma kumba dzenje. Ndikukumbira ndekha, ulere."

"Mukupempha muli chiimire, achimwene?"

Mkuluyo anagwada pa simenti yonyowa, antchito akuona. Chikhatho anaseka mpaka misozi, n'kuuza mlonda kuti amutulutse. Dzenje sanakumbe. Mwana wake uja, amene tsopano anali pabanja ndipo anali ndi pakati, anaona zonsezo ali pawindo, ndipo analira ndi manyazi.

Patangopita miyezi yochepa, m'chaka chachitatu, nsalu zinayamba kusuluka. Makatani anabwezedwa atatuwa ngati ziguduli. Chikhatho anathamangira kuseri kwa matayala kuja.

"Ndani angamwe madzi ofiira?" anatero sing'anga. "Ngakhale galu akuwalambalala. Mankhwala anga ali ndi njala, ndipo akapanda kudya kumunsi, adzadya kumtunda."

Apa ndi pamene nzeru za umisiri zinamupweteketsa. Wonyika nsalu aliyense amadziwa kuti mankhwala oyeretsa nsalu amachotsa mtundu wa utoto, koma poizoni wake amatsala. Chikhatho anagula matumba makumi awiri, n'kumathira m'migolo asanaikhuthule. Pasanathe milungu iwiri mtsinje unayera kuti mbee. Anthu anathokoza Mulungu, n'kutsegulanso zitsime zawo. Iye sanauze munthu aliyense, ngakhale mkazi wake.

M'mawa wina antchito anavuula nsalu mumgolo woyamba uja. Inali yofiira mochititsa mantha, yowala kuposa zonse zimene anazionapo. Chikhatho anavina pabwalo.

"Wamwa! Lero ndiye wamwa!"

Akuvina choncho, geti linatseguka. Analowa mkulu wake, wowezuka ndi matenda koma akuyenda ndi miyendo yake, ali ndi kapu m'manja. Kumbuyo kwake kunali mkazi wa Chikhatho, mpango uli m'manja, tsitsi lili nyankhalala.

"Mwana wako anabwera kwathu Lolemba," anatero mkuluyo. "Anati, 'Bambo aakulu, taonani mtsinje wayera, bambo anga akumba dzenje, akhululukireni.' Ndinasangalala. Ndinamutungira madzi pachitsime chathu ndi manja angawa. Anakhala nafe masiku atatu. Tonse tadwala, koma iye ndi mwana wa m'mimba watisiya m'mawa uno kuchipatala."

Anamutambasulira kapu ija. "Awa ndatunga pomwepo. Ndi oyera. Imwa."

Chikhatho anabwerera m'mbuyo, osailandira.

"Simukumwa bwanji?" anakuwa mkazi wake. "Ndiye kuti mumadziwa! Mumadziwa, mfiti inu! Kumaliro musapondeko. Ndipo madzi asadzatsikenso pakhosi panu, mumve ludzu limene mwana wanga wafa nalo!"

Anthu a kumunsi anabwera masana omwewo, n'kugubuduza migolo, kuotcha shedi ndi nsalu zomwe. Palibe anamumenya. Anangomusiya atakhala paphulusa.

Kuyambira tsiku limenelo madzi alionse ankawaona ofiira, a pampopi, a m'botolo, ngakhale a mvula. Ankayenda m'mphepete mwa mtsinje akulanda ndowa za amayi n'kumakhuthula, uku akukuwa, "Musamwe! Musamwe!" Munthu akamupatsa kapu, ankaitaya kutali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anamupeza atauma gwa pafupi ndi mpopi wa pamsika, lilime litatupa, mpopiwo ukudontha.

Ine sindimumvera chisoni, ndipo musandikakamize. Chisoni changa chili pa mwana uja. Choipa chitsata mwini, koma chisanamupeze chimayamba chapsereza osalakwa. Wofuna kulemera msanga ndi kukhaulitsa mbale wake adziwe kuti chuma chothira poizoni m'madzi a anzako chimadzadya wako yemwe.